A Mulipa ndi Filimu ya Wilibala

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a bambo Mulipa, poti chaka chakwana chitisiyireni. Simenti inabwera mochedwa, mchenga unachepa, ndipo mmisiri amene tinamupeza anafika akununkha kale kachasu. Tonse tinkangoyang'ana. Apo m'pamene ndinawasowa kwenikweni akulu aja, chifukwa iwo sakanapirira. Akanaima pambali, manja kumbuyo, n'kumufunsa mmisiriyo ngati akumanga chiliza kapena khola la nkhumba. A Mulipa sankalola chinthu kudutsa pamaso pawo osachiweruza, kaya ndi mtanga wa masamba, kaya ndi ulaliki, kaya ndi filimu.

Ine ndinawadziwa ali kapitawo pa esiteti, ndikutchola tiyi m'gulu lawo. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, koma mawu awo anali a chimphona. Akakuwa kumtunda kwa munda, a kumunsi kudambo ankadzidzimuka. Nkhanza analibe. Ukatchola masamba okalamba n'kuwabisa pansi pa mtanga, iwo ankapisa dzanja, n'kutulutsa tsamba limodzi, n'kulipatsa moni pamaso pa anthu onse. Ankati tsamba limeneli akulidziwa, anakumana nalo chaka chatha, ndipo ankalifunsa za ana kunyumba. Unkaseka nawo limodzi, koma mawa lake sunkabwerezanso.

Atapuma ntchito anachoka kukomboni n'kukakhala kumudzi wa kuseri kwa mabulugamu, kumene minda ya tiyi imathera. Kumeneko anapeza maudindo awiri. Woyamba anawapatsa ndi anthu, wokhala mkulu wa adzukulu okumba manda. Wachiwiri anadzipatsa okha, wokhala woweruza mafilimu kwa Che Saidi.

Che Saidi ndi Msilamu wa pamsika pathu, ali ndi golosale, ndipo kuseri kwake kuli kanyumba ka malata koonetseramo mafilimu. A Mulipa ankapitako masana okha. Ankakhala kumapeto kwa benchi ya pafupi ndi khomo, ati mkati mumanunkha anyamata. Chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa. Filimu ikangotha, iwo ankatambasula mwendo n'kutchinga khomo, ndipo aliyense wofuna kutuluka ankayenera kuyankha kaye funso lawo: "Wayiona bwanji?" Ukangoti ndi yabwino, wadziputira. Ankati ngakhale phala la kuchipatala pali ena amati ndi labwino, ndiye unene bwinobwino chimene chakukomera.

Maganizo awo anali osatha. Mafilimu a ndewu ankawada chifukwa adani amabwera mmodzimmodzi ngati ali pamzere wa pasikelo, m'malo momugwirira pamodzi munthuyo n'kuthana naye. A chikondi ankati ndi a anthu aulesi, chifukwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza sunaonepo wina akupita kumunda. Ndi Che Saidi ankakangana pafupifupi sabata iliyonse. Ankati anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa amaikamo zawo, chifukwa sizingatheke mzungu wa kunja kwa nyanja kudziwa nyemba zathu za kalongonda. Che Saidi ankayankha kuti amene sakufuna kumva akhoza kutseka makutu, kapena kukhala kwawo. A Mulipa ankatuluka akung'ung'udza m'Chilomwe, akulumbira kuti sadzapondanso pamenepo. Mawa lake unkawapeza pabenchi pomwe paja, awiriwo akugawana nthochi.

Kumanda nako anali yemweyo. Dothi la kwathu kuno likauma limakana khasu, ndipo iwo ankati popanda kuseka dzenje silingathe. Ankayeserera kayendedwe ka malemu, kalankhulidwe kake, ngakhale katsokomoledwe, mpaka anyamata okumba ankatsamira makasu misozi ili mbwembwe ndi kuseka. Mlendo akadabwa, iwo ankamuuza kuti olira kusiwa ndi oseka kumanda akugwira ntchito imodzi, yoperekeza munthu. Sindikudziwa ngati abusa angavomereze zimenezi, koma ine ndinazikhulupirira.

Tsopano ndinene za filimu ya wilibala, chifukwa anthu akamakumbuka a Mulipa amayambira pamenepo. Dzina lake lenileni palibe amalikumbuka. Inali nkhani ya mayi wina amene anatopa ndi mwamuna wake, mbava yotheratu komanso waumbombo, mpaka anamuthirira mankhwala a makoswe m'tiyi. Mwamunayo anafa koyambirira kwenikweni. Filimu yonse inali ya mavuto amene mayiyo anakumana nawo pofuna kutaya mtembo. Anauika pa wilibala n'kuufunditsa chiguduli, koma malemuyo anali wamtali. Akaphimba mutu mapazi ankatuluka, akaphimba mapazi mutu unkatuluka. Woyandikana naye nyumba anabwera kudzabwereka wilibala yomweyo. Pachitunda anakumana ndi wapolisi wachifundo amene anavula chipewa n'kumuthandiza kukankha, akudandaula kuti chinangwa cha chaka chino n'cholemera. Ndipo nthawi zonse mapazi aja akatuluka, mayiyo ankaima n'kuyamba kuwakalipira, kuti ngakhale atafa akumuvutitsabe.

Filimu imeneyi inagawa msika pakati. Azibambo ambiri ankati ndi sukulu ya akazi opha amuna, ndipo Che Saidi ayichotse. Wina wokonza njinga anayamba kukana tiyi wa kunyumba kwake, n'kumakamwa wa patiirumu, mpaka mkazi wake anamufunsa ngati ali ndi chuma chanji choti munthu angamuphere. Azimayi otchola tiyi ankanong'onezana m'mizere kuti bambo uja anazifuna yekha, koma mayiyo anapusa posayeza kaye chiguduli. Akulu a mpingo, amene ambiri sanaione n'komwe, ankati imfa si chinthu chosekera. Ena ankaseka mkatimo mpaka kugwa pabenchi, koma akafika pamwendo wa a Mulipa ankaumitsa nkhope n'kunena kuti ndi filimu yopanda phunziro. Amenewa a Mulipa ankawabweza. Ankati mano ndawaona ndekha ali panja, ndiye pakamwa pomwepo pasanamenso.

Iwo eni ankati filimu ndi yabwino, kupatula wapolisi amene anapusa mopitirira muyeso. Koma pa za mtembo ankati olemba nkhaniyo sananame. Munthu wakufa ndi wamakani, safuna kupindika, safuna kulowa pakhomo, ndipo aliyense amene ananyamulapo maliro amadziwa kuti pamakhala kanthawi kena kamene umaluma mlomo kuti usaseke.

Zikanathera pa kukangana kokoma kumeneku pakanapanda mvula. Panali mayi wina, a Esinati, amene amuna awo, a Layitoni, anali atangomwalira kumene atadwala nthawi yaitali. A Layitoni anali mwana wa mlongo wawo wa a Mulipa, ndiye kuti a Mulipa anali malume awo komanso nkhoswe ya banjalo. A Esinati anali asanasudzulidwe. Kwathu kuno mkazi wamasiye amadikira kuti abale a mwamuna abwere, anene pamaso pa anthu kuti palibe mlandu, ndipo ndi womasuka kuyamba moyo wina. Mpaka tsiku limenelo amayenda mwakachetechete, maso pansi.

Tsiku lina masana a Esinati akuchokera kuchigayo, mvula inawapeza pamsika. Anathawira pakhonde la Che Saidi, koma mphepo inkalowetsa madzi, ufa unayamba kunyowa, ndiye analowa mkati n'kuima kumbuyo. Inali nthawi imene mapazi aja anatuluka m'chiguduli pamaso pa wapolisi. A Esinati anaseka. Sikunali kuseka kobisa m'chitenje ayi. Kunali kuseka kochokera m'mimba, kokweza, mpaka anagwira khoma. Nyumba yonse inatembenuka. Mkazi wamasiye, duku lakuda lili kumutu, akuseka mkazi mnzake amene wapha mwamuna!

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira makomboni onse, ndipo inali itanenepa panjira. Akuti anawomba m'manja. Akuti ananena kuti umu ndi mmene timachitira. Pasanathe sabata anthu anayamba kukumbuka kuti a Layitoni ankadandaula m'mimba. Zitumbuwa zimene a Esinati ankagulitsa pageti la fakitale zinayamba kubwerera kunyumba zonse. Pamaliro ena a m'mudzimo azimayi anawalanda mthiko mwaulemu n'kuwauza kuti apume. Ndinawaona tsiku limenelo atakhala okha pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo zinandipweteka mtima. Nkhaniyo inakwera minibasi mpaka ku Limbe, kumene kumakhala a Dorofe, mlongo wake wa malemu. A Dorofe anatumiza mawu kuti za kusudzula ziiwalike, banja lawo silingamasule munthu amene akusekerera imfa ya mchimwene wawo.

Apa a Mulipa anali pakati. A Dorofe anali mwana wa mlongo wawo, magazi awo enieni, ndipo popanda mawu a mbumba iwo okha sakanatha kusudzula. Anthu ena anawalangiza kuti akafunse a Esinati chimene anasekera, kuti mwina akapepese. Iwo anakana kwamtuwagalu. Ankati kuseka sikukhala ndi risiti. Lero mukamufunsa chimene wasekera, mawa mudzamufunsa chimene wanenepera, mkuja chimene wasambira. M'malo mwake anaitanitsa a Dorofe.

Anakangana pakhonde la a Mulipa, ndipo mawu ankamveka mpaka kumjigo.

"Malume, inu mukuikira kumbuyo munthu wachilendo, kusiya magazi anu?" anatero a Dorofe.

"Iwe Dorofe, filimu imeneyi unaiona?"

"Ine sindionera zachibwana zoterozo. Ndine mayi wa mumpingo."

"Ndiye ukuweruza mlandu wa nyama imene sunaione ngakhale chikopa chake? Tiye ukaione. Ukatuluka n'kunena kuti mlamu wako ndi wakupha, ine ndidzakhala chete. Sindidzatchulanso za kusudzula mpaka ndidzafe."

Ambiri tinaona kuti akulu aja aika mutu wa mayi wa eni pa chinthu chopepuka kwambiri. Nanga a Dorofe akanangokhala duu mpaka kumapeto? Anali mayi wolimba nkhope, woti ngakhale paukwati ankaseka ngati akulipira msonkho. Ine ndinawauza a Mulipa nkhawa imeneyi. Anangondiyang'ana n'kunena kuti mwana ameneyu anamulera okha, ndipo amadziwa pamene pali nthiti zake.

Che Saidi anavomera kutsegula m'mawa Loweruka chifukwa cha banjalo lokha. Anasesa, n'kupukuta mabenchi, chinthu chimene sitinamuonepo akuchita. Analowa a Dorofe, azimayi angapo a kuchimuna, ndi a Esinati amene anakhala kumbuyo penipeni, maso ali pansi. Ine ndinalowa ngati mboni. A Mulipa anakhala pamalo pawo. Panja theka la msika linali litamatirira kumalata, aliyense akusaka kabowo.

A Dorofe anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, manja atapinda pachifuwa. Mayi wa m'filimu atathira mankhwala m'tiyi, iwo anatembenuka n'kuyang'ana mlamu wawo ndi diso loti mwaonatu. Woyandikana nyumba atabwera kudzabwereka wilibala, azimayi ena anayamba kuluma nsonga za zitenje, koma a Dorofe anali gwa. Wapolisi atavula chipewa n'kuyamba kukankha, ndinaona mapewa awo akugwedezeka pang'ono. Anatsokomola, n'kutsegula chikwama ngati akufunamo kanthu, n'kuchitsekanso.

Kenako wilibala inagunda mwala, chiguduli chinasuntha, ndipo mapazi aja anatuluka, aataliatali, chala chachikulu chitaboola sokosi. Mayi wa m'filimu anagwira m'chiuno n'kuyamba kuwalalatira.

A Dorofe anaphulika. "Mayo ine! Mapazi a achimwene enieni!" Chikwama chinagwa pansi. Anaseka mpaka kuwerama, akumenya benchi ndi dzanja. "Amayi ankasoka mabulangeti awiri pamodzi, koma mapazi ali panja basi! Ankati mwana uyu adzandimalizira nsalu!" Panja anthu a kumalata nawo anayamba kuseka, osadziwa n'komwe chimene chanenedwa. Ndipo kusekako kusanathe bwino, a Dorofe anali akulira, kulira kwenikweni, akutchula dzina la mchimwene wawo.

Che Saidi anazimitsa kanema. Kunangotsala phokoso la jenereta. A Mulipa anadikira kuti mwana wa mlongo wawo apukute m'maso, kenako anatambasula mwendo pakhomo.

"Dorofe, wayiona bwanji?"

"Ndi filimu yoipa, malume," anatero akufwenthera. "Yoipa kwambiri. Siyoyenera kuonetsa anthu."

"Chabwino, amenewo ndi maganizo ako, ndawalandira. Koma waseka. Tonse takumva, mpaka a kumsika wa tomato. Tsopano tandiuza, iwe wapha ndani?"

A Dorofe anatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo kumene kunali mlamu wawo. Palibe amene anawafunsa a Esinati kanthu, koma analankhula okha, motsitsa.

"Alamu, achimwene anu atasiya kuyenda, ine ndinkabwereka wilibala n'kumawakankha kupita nawo kuchipatala cha pa esiteti. Njira ya m'tiyi ija mukuidziwa, chitunda chokhachokha. Mapazi ankalendewera kutsogolo, ine ndikuwakalipira kuti pindani miyendo, mundigwetsa. Iwo m'malo mopinda ankaliza hutala ndi pakamwa, pipiii, kuti otchola apatuke, bwana akudutsa. Tsiku la mvula lija nditaona mapazi aja, ndinawaona iwowo. Chidwalireni iwo ndinali ndisanasekepo."

Tonse a pa esiteti tinkaidziwa wilibala imeneyo. Tinkaipatukira m'njira, ena tinkathandiza kukankha. Koma mphekesera ikakoma anthu amaiwala msanga zimene anaona ndi maso awo. A Dorofe, amene ankathandiza ali kutali, anali asanamvepo. Ananyamuka, n'kudutsa pakati pa mabenchi, n'kukakhala pansi pafupi ndi mlamu wawo. Zimene ananong'onezana sindinamve. A Mulipa anabweza mwendo wawo n'kutiuza tonse kuti tituluke, ati filimu yatha.

Kusudzula kunachitika mwezi womwewo. A Dorofe ndi amene anaimirira n'kunena kuti mlamu wawo anasamala mchimwene wawo mpaka mapeto, ndipo palibe mlandu. Chakudya cha tsikulo anaphika a Esinati, ndipo woyamba kupisa dzanja m'mbale anali a Mulipa. Anatafuna pang'onopang'ono anthu onse akuyang'ana, kenako anagwira pamimba n'kutembenuza maso ngati akukomoka. Azimayi anakuwa. Iwo anatsegula diso limodzi n'kunena kuti mchere wachepa. A Dorofe anawakalipira kuti ukalamba wawo ndi wopanda ulemu, koma nawo ankaseka.

Za filimuyo sanagwirizanepo mpaka imfa inawalekanitsa. A Dorofe akabwera kumudzi ankanenabe kuti ndi yoipa, a Mulipa ankati ndi yabwino kupatula wapolisi, ndipo ankatha masana onse pa nkhani imeneyi. Akulu aja zimenezi zinkawakomera. Munthu wotsutsana nawo ankamukonda kuposa wongovomera, bola akhale kuti chinthucho wachiona yekha.

A Mulipa anamwalira nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba minda, atangodwala masiku ochepa. Kuchipatala akuti anaweruzanso phala. Adzukulu anakumba manda a mkulu wawo mwakachetechete poyamba, khasu likungodumpha padothi, mpaka mmodzi anaika manja kumbuyo, n'kupinda miyendo ngati matewe, n'kuyamba kuzungulira dzenje akufunsa ngati akukumba manda kapena chimbudzi. Anabwerezanso zomwezo anthu onse atafika. A Esinati, amene analira kuposa abale enieni, anaseka pamenepo misozi ili m'masaya, pakamwa pali poyera, ndipo palibe amene anawatembenukira. Che Saidi anaima chapatali ndi kofia yake, ndipo sabata imeneyo sanatsegule kanyumba kaja.

Tsopano kanatsegulidwanso, koma anthu achepa, poti ambiri amaonera pafoni, aliyense payekha. Kumapeto kwa benchi ya pakhomo thabwa linasalala ndipo linada, ndipo anyamata sakonda kukhalapo, ati pamalowa mphepo. Filimu ikatha anthu amangotuluka ngati akutsika minibasi, osayang'anana. A Esinati anakwatiwanso ndi bambo wina wa ku Thekerani, wamfupi, ndipo zitumbuwa zawo zimatha dzuwa lisanafike pamutu. Loweruka lina a Esinati amalowa m'kanyumba kaja n'kukhala pabenchi yachiwiri, dengu lili pamiyendo. Pakafika poseketsa amaseka mokweza, osaopa munthu. Ndawaonapo kangapo filimu ikatha akutembenukira kukhomo, atakonzeka kale ndi choti anene. Amayang'ana kanthawi, kenako amanyamula dengu lawo n'kutuluka, popanda chowatchinga.